Gofu ya m'chipululu ku Swakopmund: mmene mungakonzekere kuchokera pa Lilongwe pano

Chibwerereni ku Namibia anzanga a pa kalabu sakundipatsa mpata, wina mpaka anandiimitsa ndikukweza chikwama m'galimoto kuti achimwene tatiuzani, zoona munakamenya gofu m'chipululu inu? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi zonse mmene zimayendera, kuti amene akufuna kupita asakavutike ndi zinthu zomwe ine ndinaziphunzira nditafika kale.

Anthu akamva gofu ya m'chipululu maganizo amathamangira ku Dubai kapena ku Arizona, kenako amawerengera za visa ndi madola nkungoti basi izi ndi za mabwana. Koma mommuno mu SADC muli bwalo lotchedwa Rossmund, makilomita pafupifupi 7 kuchoka m'tauni ya Swakopmund, m'mbali mwa msewu wa B2 wopita ku Windhoek. Ndi la maenje 18 ngati lathu la Lilongwe Golf Club, par 72 (kumenya ka 72 ndiye muyeso wa bwalo lonse), udzu wobiriwira bwinobwino, koma ukangokweza maso kupitirira fairway, njira ya udzu wometedwa yolowera ku dzenje, ndi mchenga ndi miyala ya chipululu cha Namib, cha uko mtsinje wa Swakop womwe umakhala wouma pafupifupi chaka chonse, kuseri kwake milu ya mchenga. Ndipo pa udzupo pamakhala ma springbok, tinyama tokhala ngati agwape koma ta mzere wakuda m'nthiti, tikudya mwaufulu ngati mbuzi za kwa Chinsapo, iwe ukukonzekera kumenya ito tikungokuyang'ana.

Yambani ndi ndalama, osati tikiti

Ndikudziwa mwachibadwa munthu amayamba kufufuza ndege, koma kwa ife a ku Malawi chinthu chomwe chingakulepheretseni ulendo ndi forex. Pitani ku banki kwanu miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, mukafunse zomwe akufuna, nthawi zambiri ndi pasipoti ndi umboni wa ulendo, ndipo mukafunsenso ngati khadi lanu lingagwire ntchito kunja komanso malire ake ndi angati, chifukwa kukanidwa khadi uli pa kauntala anthu ali pambuyo pako ndi manyazi osaneneka. Chabwino nchoti dola ya ku Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi, imodzi kwa imodzi, ndipo randi amailandira paliponse kumeneko, ndiye mukapeza ma randi mwathana nazo. Kungoti chenji akamakupatsani m'madola a ku Namibia, yesetsani kuwadya konko, chifukwa ku Johannesburg sawalandira m'mashopu, ndipo kuno mudzangowasunga m'chikwama ngati chikumbutso.

Pasipoti ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe komanso masamba opanda kanthu. A Malawi timalowa ku Namibia popanda visa tikapita kukangocheza, koma dzikolo linasintha malamulo a visa kwa mayiko ena mu 2025, ndiye musanalipire tikiti tsimikizani kaye, safunsa anadya phula. Pa chipata angakufunseni komwe mukagone ndi tikiti yobwerera, khalani nazo zosindikiza papepala, foni imatha moto nthawi yolakwika.

Kenako sankhani mwezi

Apa ndi pomwe ine ndinapusa. M'mutu mwanga chipululu chinali kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala, ndinalongedza makabudula ndi malaya opepuka okhaokha. Kufika ku Swakopmund m'mawa wake ndinatuluka panja nkupeza nkhungu yoti nyumba ya tsidya la msewu osaiona, kuzizira kolowa m'mafupa ngati Dedza mu Juni. Chifukwa chake nchakuti m'nyanja ya Atlantic m'mbali imeneyo mumadutsa madzi ozizira ochokera kummwera, a Benguela, ndiye mpweya ukadutsa pamwamba pa madzi ozizirawo umapanga nkhungu yomwe imakwera kumtunda usiku ndi m'mawa. Mvula kulibe, pachaka sikwana ngakhale mamilimita 20, yomwe kuno imagwa tsiku limodzi la Januwale nkupitirira, koma chinyezi chilipo.

Ndiye gofu imaseweredwa chaka chonse, nkhani ndi yongosankha vuto lomwe mungapirire. Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale anthu a ku Windhoek ndi ku South Africa amakhamukira kunyanjako kuthawa kutentha, malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera. Miyezi yozizira, cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, masiku ena kumabwera mphepo yochokera kummawa, kumtunda, yotentha komanso yonyamula mchenga, tsiku lotero ngakhale eni ake amangokhala m'nyumba. Ine ndikanati ndibwererenso ndikanasankha Febuluwale mpaka Epulo, ana atabwerera kusukulu, komanso ndi nthawi yomwe kuno mvula imatisokoneza gemu. Mulimonsemo musakonze tsiku limodzi lokha losewera, ikani masiku awiri kapena atatu kuti lina likaipa mukhale ndi pothawira.

Njira yake

Palibe ndege yochoka pa Kamuzu International Airport kulunjika ku Namibia, mudutsira ku Johannesburg. Kuchoka pamenepo pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kukwera ya Airlink yopita ku Walvis Bay, kenako galimoto makilomita 30 ndi kuposerapo pang'ono kuchoka m'tauni ya Walvis Bay kupita ku Swakopmund, ndipo msewu wa m'mbali mwa nyanja umenewo wokha ndi ulendo kale, kumanzere nyanja kumanja milu ya mchenga. Njira ina ndi kutsikira ku Windhoek pa bwalo la ndege la Hosea Kutako nkuchita hayala galimoto, makilomita pafupifupi 360 kuchoka mumzindawo kudzera ku Okahandja, Karibib ndi Usakos, phula lokhalokha. Amayenda kumanzere ngati ife ndiye simusokonezeka. Mukakhala anayi njira ya galimotoyi ndiyabwino chifukwa mumagawana mafuta, koma werengerani zikwama zinayi za gofu kuphatikiza masutikesi, kagalimoto kakang'ono sikangakwane, ndipo musayende usiku, njiri ndi nyama zina zimadumpha msewu.

Wotchi musaisinthe, nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi. Koma poti ali kutali kumadzulo dzuwa limachedwa kutuluka, mu Juni limatuluka itadutsa 7:30, ndiye chizolowezi chathu choyamba gemu 6 koloko chisiyeni ku Lilongwe.

Kulongedza

Funsani kampani ya ndege, pa tikiti iliyonse payokha, ngati chikwama cha gofu chikulowa mu makilo anu kapena ncholipira padera, ndipo akuyankheni polemba. Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi katundu amadutsa yekha, koma ngati mwagula matikiti awiri osiyana mukatenga chikwama ku Johannesburg nkuchilowetsanso, ndiye siyani maola okwanira pakati.

Polongedza, ngati driver yanu, ndodo yomenyera patali kwambiri ija, ndi yochotseka mutu chotsani muukulunge mu juzi nkuuika mu sutikesi. Ma iron amangeni pamodzi ndi thaulo. Ndiye tengani mtengo wa mopu, inde wa mopu womwewu, wautali pang'ono kuposa ndodo yanu yaitali kwambiri, muuike m'chikwamamo, kuti chikwama chikagwa chamutu mtengowo ndi umene ulandire nkhonya. Malamulo amalola ndodo 14, koma ngati makilo akuvuta siyani zomwe simuzigwiritsa ntchito, tonse tili ndi 3 wood ina yake yomwe timangoyenda nayo ngati chithumwa. Mipira tengani yokwanira kuchokera kuno kapena mugule podutsa, osati itatu yokha.

Zovala: jekete yopepuka yotchinga mphepo, juzi yopyapyala, buluku lalitali, kenako malaya a kolala ndi kabudula za masana. Pa msika wa Tsoka mupeza zonsezi mukakhala ndi diso, palibe chifukwa chokagula zodula. Chipewa chikhale chogwira mutu bwino. Magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi opaka milomo, ndipo musati ife akuda dzuwa silitiwotcha, ine khosi linasupuka ngati njoka yofundula. Komanso adaputala, masoketi awo ndi a mapini atatu obulungira ngati a ku South Africa, pulagi yathu ya makona anayi silowa.

Zoyeserera musananyamuke

Milungu iwiri kapena itatu yomaliza, mukapita pa range, poyeserera kumenya paja, musamangomenya driver kuti anthu akuoneni. Phunzirani mpira wotsika. Ikani mpira kumbuyo pang'ono, cha ku mwendo wakumbuyo, gwirani ndodo motsitsa manja pang'ono, thupi lilemere cha kutsogolo, mumenye ndi mphamvu ya magawo atatu mwa anayi ndipo musamalize swing mpaka kumwamba. Tengani 7 iron pamtunda womwe mumamenya 8 kapena 9. Poyamba zimaoneka ngati ukudzichepetsa koma ku mphepo mpira umenewu ndi umene umakudyetsa. Ukamenya mwamphamvu mpira umazungulira kwambiri, ukazungulira umakwera, ukakwera mphepo imautenga ngati pepala la shuga.

Chachiwiri ndi kumenya pa mchenga wolimba ndi pa dothi louma lopanda udzu. Mu Okutobala bwalo lathu lili ndi malo otero ambiri m'mbalimu, pitani dala mukaike mpira pamenepo. Apa lamulo ndi mpira kaye, nthaka pambuyo, mosiyana ndi mu bunker, chidzenje cha mchenga chokonzedwa dala chija, momwe timamenya mchenga kuseri kwa mpira. Mukapita ku Senga Bay kumapeto kwa sabata tengani wedge yakale ndi mipira yotha, m'mawa kulibe anthu mukayese pa mchenga wonyowa ndi wouma muone kusiyana kwake.

Kubukitsa

Lembani kapena imbani foni ku bwaloko sabata ziwiri zisanafike. Funsani zinthu izi nthawi imodzi: mtengo wa mlendo wa maenje 18, masiku omwe kuli mpikisano wa mamembala kuti musagundane nawo, ngati pali ngolo kapena trolley, ngati ma caddie amapezeka kapena ayenera kuuzidwiratu, komanso ngati amabwereketsa ndodo, chifukwa mwina mungaone kuti kubwereka kukuposa kunyamula. Kuno tinazolowera kuti ukangotsika galimoto caddie wako wafika kale wakulandira chikwama, kwa eni ake osangoganiza kuti ndi chimodzimodzi. Tengani umboni wa handicap yanu, nambala yosonyeza mulingo wa kaseweredwe kanu, kuchokera ku kalabu, chiyambireni World Handicap System mu 2020 nambala yanu imamveka kulikonse, ndipo ngati mukufuna kulowa nawo kampikisano ka Loweruka adzaifuna.

Nthawi yoyambira pemphani ya m'mawa, cha m'ma 8 kapena 9. Mphepo ya kunyanja, yochokera kummwera chakumadzulo, imakonda kudzuka masana nkumakula dzuwa likamapendeka, ndiye mukayamba mochedwa maenje omaliza mukalimbana nayo mutatopa kale. Kogona mutha kusankha m'tauni kapena pa loji ya pa bwalo pomwepo. Ine ndinagona m'tauni chifukwa madzulo ndimafuna kuyenda wapansi kukafuna chakudya, ndipo ulendo wopita ku bwalo ndi mphindi zochepa.

Tsiku lenileni

Fikani ola lathunthu nthawi isanakwane. Pitani pa range mukamenye mipira ndi 7 iron ndipo muyang'anitsitse pomwe ikugwera, osati pomwe mukuganiza kuti ikugwera. Nkhani yake ndi iyi. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wathu ndi wopepuka ndipo nthawi zambiri wofunda, mpira umauluka patali. Ku Rossmund muli pafupifupi pa mulingo wa nyanja, mpweya wolemera, wozizira, m'mawa udzu wonyowa ndi nkhungu mpira sugubuduka. Mitunda yonse yomwe muli nayo m'mutu ndi ya ku Lilongwe, kumeneko ndi yabodza.

Ine sindinamvere zimenezi. Pa par 3 yoyamba ndinaona mtunda nkutulutsa ndodo yomwe ndimamenya kwathu osaganiza kawiri, ndinaumenya bwino kwambiri mpaka ndinaima kaye kuuonerera, mpira nkutsika mamita khumi usanafike pa green, pa udzu wosalala pomwe pali dzenje. Ndinati mwina ndaugwira pansi. Dzenje lotsatira chimodzimodzi. Bambo wina wachikulire wa konko amene anatiphatikiza naye anangoloza chikwama changa nkukweza chala chimodzi, kutanthauza kuti onjezera ndodo imodzi, ndipo kuyambira pamenepo zinayamba kulongosoka. Ndiye lamulo langa ndi ili: m'mawa onjezerani ndodo imodzi pa chilichonse, mphepo ikakhala kumaso onjezerani ziwiri kapena zitatu ndipo musachite nazo manyazi, palibe amene amalemba pa khadi kuti munamenya ndi chiyani.

Chinanso chomwe chimapusitsa ndi maso. Kwathu fairway ili ndi mitengo ikuluikulu mbali zonse, diso limayeza mtunda ndi mitengoyo osadziwa nkomwe kuti likutero. M'chipululu kumbuyo kwa green kumatha kukhala poyera mpaka kutali, mbendera imaoneka pafupi pomwe ili patali kapena patali pomwe ili pafupi. Khulupirirani zikhomo za mitunda kapena kamakina koyezera ngati muli nako, ndipo funsani pa kauntala ngati zikhomozo zikuyeza kufika pakati pa green kapena kutsogolo kwake.

Pa tee, poyambira dzenje lililonse, cholinga ndi kukhala pa udzu basi. Mamita 20 omwe mungapindule ndi driver sangalipire zomwe mungataye mukatuluka. Mpira ukapita ku mchenga musathamangire kuchita zaukatswiri, yang'anani kaye pomwe wakhala. Ngati uli pabwino pa mchenga wolimba umenyeni monga munayeserera muja. Ngati pali timiyala, tulutsani ndodo yakale, ine ndinanyamula 8 iron ina yomwe ndinaitchula kuti ya kumunda, muubwezere pa fairway chammbali nkupitiriza. Ngati uli pansi pa chitsamba, lipirani stroke imodzi ya unplayable, chilango cha mpira wosatheka kumenya, mudrope kuchokera pa bondo, osathyola dzanja chifukwa cha mpira umodzi. Musanaponde kapena kulowetsa dzanja m'chitsamba gogodani kaye ndi ndodo, ndi chipululu chimenecho, njoka ndi zinkhanira ndi kwawo.

Pa malamulo pali zingapo zomwe zimabutsa mkangano, makamaka ngati mwabetcherana kachakumwa. Mchenga wachilengedwe wa kunja kwa fairway si bunker, ndiye mutha kugunditsa ndodo pansi ndi kuyeserera swing momwe mungafunire, pokhapokha khadi la bwalolo litanena zina, choncho werengani kuseri kwa khadi musanayambe. Mu bunker yeniyeni ndodo isakhudze mchenga pafupi ndi mpira musanamenye, koma timiyala ndi masamba mutha kuchotsa chiyambire malamulo a 2019. Kufunafuna mpira ndi mphindi 3 zokha, ndiye mukakayika menyani provisional pompo, mpira wachiwiri wodikirira ngati woyambawo sungapezeke. Manyi a springbok, ndipo alipo ambiri tizibulungwa ngati ta mbuzi, amawerengedwa ngati zinyalala zomwe mutha kuchotsa ngakhale pa green, bola mpira usasunthe mukakhala kunja kwa green. Mpira ukalowa mu una wokumbidwa ndi nyama mumadropa ulere. Nyama ikasuntha mpira womwe unali utaima kale mumaubwezera pomwe unali popanda chilango.

Za ma springbok zomwezi, musawathamangitse kapena kuwapatsa chakudya, ndipo akaima kutsogolo kwanu dikirani kapena ombani m'manja pang'ono asuntha okha. Mnzanga amene ndinapita naye, mwana wa ku Ntchisi, anangoti akuwayang'ana nkunena motsitsa mawu kuti ndiwo zonsezi zikungoyenda popanda mwini, ndinaseka mpaka kuphonya putt ya mita imodzi.

Cha m'ma 10 kapena 11 nkhungu imayamba kung'ambika, ndipo apa ikani foni pafupi chifukwa milu ya mchenga ija imangotulukira kuseri kwa mtsinje ngati wina wakoka katani. Jambulani msanga anzanu akumenya, osachedwetsa gulu la kumbuyo. Ndi nthawi yomweyonso yovula jekete ndi kupakanso mafuta. Madzi imwani pa tee iliyonse ngakhale mulibe ludzu, vuto la kumeneko ndi loti kamphepo kozizira kamakunamiza kuti sukutuluka thukuta, umangozindikira mutu wayamba kuwawa pa dzenje la 14. Malita awiri pamunthu ndi poyambira. Mowa usungeni mpaka mumalize.

Pa green mphepo ikakula imakankha ngakhale putt, tambasulani miyendo pang'ono kuti musagwedezeke, ndipo mukakhala pafupi ndi green gubuduzani mpira ndi 8 iron kapena putter m'malo moukweza ndi lob wedge. Konzani pomwe mpira wagwera ndipo bwezerani udzu womwe mwakumba. Kuno udzu umamera wokha mvula ikagwa, kumeneko kachidutswa kalikonse kobiriwira ndi madzi omwe wina wathirira pamalo pomwe madzi ndi osowa.

Masiku otsalawo

Ngati mwapita ndi akunyumba omwe gofu sawaikonda, Swakopmund siwatopetsa. Tauniyi anaiyambitsa ndi Ajeremani mu 1892 ndipo nyumba zakale zilipobe, pali jeti yolowa m'nyanja yoyendapo madzulo, kungoti madziwo ndi ozizira zedi, amene anazolowera kusambira ku Salima angoviika phazi nkubwerera. Ku Walvis Bay kuli ma flamingo ambirimbiri m'dambo la m'mbali mwa nyanja, komanso Dune 7, mulu wa mchenga womwe anthu amakwera. Langizo langa: Dune 7 mukwere mutamaliza gofu yonse, osati dzulo lake, ntchafu zimakana ntchito masiku awiri. Mukalakalaka nsima pitani ku Mondesa, dera lina la mu Swakopmund, kuli pap ndi nyama yootcha yomwe amati kapana, ndi kanyenya wathu yemweyu kungosiyana tsabola wake.

Usiku womaliza musanatseke chikwama, tulutsani ndodo zonse muzitsuke ndi madzi abwino nkuzipukuta mpaka ziume, chifukwa nkhungu ya kunyanja ili ndi mchere ndipo ma wedge amayamba dzimbiri msanga. Chikwamacho chitembenuzeni muchikutumule panja, nsapato nazonso muchotse zamkati. Ine ndinachita ulesi pa nsapato, mpaka lero ndikavula pakhonde ku Area 47 mayi a kunyumba amandipatsa tsache. Ndipo Loweruka loyamba mutabwerera pa Lilongwe Golf Club kumbukirani kubwezera ndodo ija munaonjezera, ine ndinaiwala, 7 iron yanga inadutsa green yonse nkukagwera m'mitengo, caddie wanga anangoti bwana, mwabwerako ndi mphamvu za kunja.